Khanda la padenga

Lachinayi madzulo. Lero mtima wandilemera, ndipo mvula sinakate.

Popita kumsika wa Golomoti tinapeza mtsinje utasefukira. Bambo anangoima n'kumayang'ana madziwo. Kenako anayamba kundiuza za nthawi imene anali injiniya wa asilikali, atatumizidwa kudziko lina kukakonza milatho madzi atakokolola midzi.

"Mayi wina ali padenga anandipatsira khanda lake," anatero. "Chinenero chake sindinkachimva. Boti lathu lopulumutsira anthu linali litadzaza, ndiye ndinangomulozera ndi dzanja kuti tibweranso. Titabwerera, nyumbayo panalibe."

Khandalo analisiya kwa anamwino a kumsasa wa anthu othawa madzi, ngakhale dzina lake osalidziwa.

"Panopa mwanayo ndi wa msinkhu wako," anatero, osandiyang'ana.

Zaka zonsezi ndinkati bambo ndi ouma mtima. Mawa ndikawafulira tiyi, mwina ndiwafunsa ngati anayesapo kumufunafuna mwanayo...