Siling'i ya Bango m'Nyumba ya Amayi

Achimwene Saidi,

Salaam aleikum. Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana ku Mulanjeko. Kuno ku Honde tilipo, kungoti amayi chifuwa chinawavuta nthawi yozizira, ndipo kutentha kutabwera malata a nyumba ya esiteti ankawawotcha usana wonse.

Ndinakumbukira siling'i imene malemu bambo anapanga tili ana, inu mukuponda dothi, ine ndikutunga madzi. Tsono ine ndi amuna anga tinadula bango kumtsinje wa Pungwe, tinaliluka, n'kulimata ndi dothi losakaniza utuchi ndi makoko ouma a nthochi. Koyamba dothilo linang'aluka lonse. Amayi ali chigonere anati, "Bambo anu ankaliviika masiku atatu. Inu mukuthamangira kuti?" Tinayambiranso, ndipo linagwira.

Foromani wa pa esiteti atamva anabwera masana dzuwa likuswa mtengo. "Ndiani akupai mvumo?" anakalipa m'Chishona, kufunsa amene anatipatsa chilolezo. Pajatu nyumbayi si yathu, akhoza kutitulutsa. Analowa, n'kuyang'ana kumwamba, n'kukhala pampando mpaka thukuta litauma. Potuluka anangoti, "Mudzandipangire kwanganso."

Tsopano amayi akupumula bwino. Akuti fungo la dothili ndi la nyumba yathu yakale ija, ndipo nthawi zina amaiwala n'kuitana dzina lanu kuti mudzadye.

Chonde titumizireni chithunzi cha ana. Ngati mungathe, bwerani pa Idi, amayi akuoneni maso akadaona. Allah akusungeni nonse.

Ndine mlongo wanu,
Asiyatu