Madzi a Mawondo Anga

Lolemba, 7 Epulo

Woyamba kundiuza ndi Hosiyat, mnansi wathu uja amene pakamwa pake sipatsekeka. Akuti m'mawa wapeza mtengwa wanga Sanobar atagona choimirira pa uvuni, dzanja lili m'kati momwe timamata buledi kukhoma, mkono wa malaya ukufuka utsi.

"Inu a Eshkobil, m'maukwati mumakamba nthano mpaka anthu kuiwala mpunga m'mbale, koma nkhani ya m'nyumba mwanu simuidziwa. Mwana uja akutha!"

Nkhani ya m'nyumba mwanga ndaimvera kwa mnansi. Ine amene!

Madzulo ndamuyang'anitsitsa Sanobar akuthira tiyi. N'zoona. Chibangili chimene chinkamuthina pa ukwati tsopano chikutsetserekera kuchigongono. Mwamuna wake Ulmas, mwana wanga, ali ku Russia kumanga nyumba za eni. Mayi ake a Ulmas anatisiya kale. Mapasa awo, mnyamata Hasan ndi mtsikana Zuhra, mano akumera nthawi imodzi, uyu akatonthola uyo wayamba. M'nyumba muno tilimo atatu: ine, Sanobar ndi phokoso.

Lachiwiri, 8 Epulo

Ndamuuza Sanobar, "Mwanangu, mawa ndi tsiku la amayi kukasupe wotentha. Pita ukasambe ndi anzako, ukapumeko."

Dzanja pachifuwa, mutu pansi. "Bambo, anthu adzati chiyani? Mtengwa ali m'madzi, apongozi alibe wowathirira tiyi?"

Anthu, anthu. Anthu amenewa sindinawaonepo atabwera kudzagwedeza beshiki, kabedi ka makanda, ngakhale kamodzi.

Ndakhala pansi pa mtengo wa mabulosi n'kuganiza. Mtengwa akhoza kukana kupuma, koma sangakane kutumidwa ndi apongozi. Pompo mawondo anga ayamba kupweteka. Ndabuula mpaka mbuzi kundiyankha.

Lachitatu, 9 Epulo

Ndamupatsa chigubu akanditungire madzi a kukasupe othowera mawondo. Ndati, "Usafulumire, wamva?" Ana asanadzuke n'komwe ndangoona wabwera wefuwefu, chigubu chodzaza, tsitsi louma gwa. Watunga pakhomo pa kasupe n'kuliyatsa liwiro. Hosiyat waseka mpaka kugwira mpanda.

Lachisanu, 11 Epulo

Sanobar wandithirira mchere m'tiyi m'malo mwa shuga. Ndamwa yense. Ndikanatani?

Lamulungu, 13 Epulo

Ndadikira Hosiyat abwere kudzabwereka sefa, ndiye ndayamba kutsimphina pabwalo.

"Madzi aja sanagwire, mwanangu. Kulakwa n'kwanga, sindinakuuze mwambo wake."

Ndawakambira za m'busa wopunduka wa kalekale amene anatuma mkazi wake kukasupe komweko, madzi osagwira, mpaka kasupe mwini anamulankhula. Akuti ine mphamvu yanga sindipereka kwa mlendo wongoima pakhomo. Wotunga ayambe wakhala m'madzimo mpaka zala zake zichite makwinya ngati mphesa zouma. Mnzake amutsuke kumsana. Adye, akhute, poti kasupe amadana ndi wanjala. Akatero atunge.

Sanobar wandiyang'ana chammbali. "Imeneyo sindinaimvepo, Bambo."

"Ndi yakale kwambiri."

Ndinaipeka ndikuvala nsapato.

Hosiyat naye, mfiti ya bodza, nkhope ili phee: "Eee, agogo anga ankanena zomwezo. Ankatinso wotungayo apake utoto wa usma m'nsidze, apo ayi madzi amasasa." Onani, nthano yanga yomwe, mayiyu waikamo kale mwana wake.

"Nanga ana?" wafunsa Sanobar.

"Ulmas ndinamulera ndani, si ine?"

Hosiyat watsokomola dala. Chabwino, ndinkamulera ndili chapatali, komabe.

Lachitatu, 16 Epulo

Sanobar wawayamwitsa ana, wasiya phala, wandilangiza ngati akupita ku Haji. Pachipata wabwereranso, akuti waiwala kundiuza za bulangete la Zuhra. Hosiyat wamukoka mkono. "Tiye iwe, mawondo a madala akudikira!"

Poyamba zonse bwinobwino. Phala lina lalowa m'kamwa, lambiri m'ndevu zanga. Ndawakambira ya ngamila imene inkafuna kukhala mkwati. Hasan wamvetsera ngati munthu wamkulu, Zuhra wandikoka mphuno pamalo okoma penipeni. Otsutsa sasowa.

Ndiye yakwana nthawi yowagoneka mu beshiki. Kumanga malamba ndikudziwa. Koma timipopi tamtengo tija totengera mkodzo kukamphika kapansi, ndani anandiuzapo kuti n'tosiyana, ka mwamuna ndi ka mkazi? Kena konga kaliwo, kena konga kasupuni. Ndati Zuhra ndi wolongolola ngati agogo ake, atenge kaliwo.

Mayo ine! Matiresi onse awiri nyowe, mitsamiro nyowe, ngakhale mkanjo wanga. Ndasintha, ndawamanganso chimodzimodzi, chigumula chabweranso. Pofika masana mtengo wa mabulosi unali utavala zofunda zonse za m'nyumba. Wodutsa pamsewu wafunsa ngati tikukonzekera ukwati. Ana ndawagoneka pamimba panga, tonse atatu tulo.

Chandidzutsa ndi kuimba. Ndimayesa wailesi ya kwa Hosiyat, koma ayi, nyimbo ikulowa pachipata pathu. Sanobar! Masaya ofiira ngati makangaza, tsitsi lonyowa, nsidze zakuda bii zogwirana pakati. Atandiona wadula nyimbo, waika chigubu pansi, wanditambasulira zala.

"Makwinya ndi awa, Bambo. Ndinagonamo pang'ono, amayi anandisiya. Ndadya mazira ndi buledi wa eni, sindikudziwa n'komwe anali wa ndani."

Kenaka waona mtengo. Waona beshiki. Watola timipopi tija, wayang'ana kena, wayang'ana kanzake.

"Bambo, aka munampatsa ndani?"

"Zuhra."

Wayesa kudzigwira, wabisa kukamwa ndi mpango monga mwa ulemu, koma zakanika. Wakhala pansi pafumbi n'kuseka mpaka misozi, ana nawo kuseka osadziwa chimene akuseka. Chitulukire m'chikuta, mano ake ndawaona lero.

Lachinayi, 17 Epulo

Ndadzuka, bwalo lili zii. Tsache silikumveka. Dzuwa lafika kale pakhoma, mtengwa wanga akadali m'tulo, ana nawonso. Ndayenda chonyang'ama, ndaphika tiyi ndekha. Wowawa, koma wopanda mchere.

Ndati chigubu chioneke kuti chagwira ntchito. Ndapita nacho kuseri, ndanjuta bwinobwino ngati mnyamata, ndikuthirira anyezi.

"Anyezi nawonso mawondo akuwapweteka, Bambo?"

Sanobar ali kumbuyo kwanga, Zuhra m'manja. Ndasakasaka nthano m'mutu monse, sinapezeke ngakhale imodzi.

Watenga chigubu, wachigwedeza pafupi ndi khutu.

"Atha. Ndiye kuti Lachitatu ndikatungenso."

Mutu sanaweramitse. Wandipatsira Zuhra.

"Koma timipopi ndikuphunzitsani lero lomwe. Tiyeni."