Chipewa Chondigulira Mkamwini

Lachitatu, Novembala 2006. Kwazizira, koma mtima uli m'malo.

Onse a m'nyumba muno atapita ku ntchito ndinatsala ndi TV. Amaonetsa za mfumu yakalekale ya ku China imene inalanda dziko la anthu a ku Korea. Chingerezi chimathamanga, koma izi ndamva. Inadula dzikolo m'maboma, n'kutumizako anthu ake kukalamula. Mafumu a eni dziko inawapatsa zipewa, mikanjo ndi zidindo. Iwo ankavala n'kumanyada, milandu akugamula alendo.

Ndinayang'ana chipewa changa chaubweya pachitseko. Anandigulira mkamwini wanga ku Woolwich, kuno kwa azungu kumene ndikukhala nawo. Pamaso pa alendo amati, "Eni nyumba ndi awa, ife ndife ana chabe." Koma za chinkhoswe cha mdzukulu wanga Tadala ndinamvera kutchalitchi, kwa mayi wina wa ku Peckham. Tsiku anapangana kale, holo anapeza kale. Ine sanandifunse.

Madzulo mkamwini uja wafika akumwetulira. "Bambo, mawa musaiwale chipewa, akuti kugwa chisanu."

Ndati zikomo. Ndachiponya pamwamba pa wadilobu, ndalumbira kuti sindichivalanso. Komatu mawa ndikukaonana ndi dokotala, ndipo pa siteji ya basi paja mphepo ya kumtsinje imalasa m'makutu...