Foni yanga ndawasiyira alamu

Amayi, kumeneko mukukhala bwanji? Kuno ku Nkope tilipo. Mpongozi wanu Asiyatu anachira mwezi wa Ramadani, mwana wamkazi. Tinamutcha Patuma, dzina lanu, ndipo mphuno watenganso yanu. Chimanga cha kumunda kwanu ku Katuli chinapsa ndi dzuwa, tangopeza chokwanira sadaka yanu basi.

Koma chandilembetsa ndi china. Ku loji kuja ndimayendetsa boti la alendo, abwana anatiikira mphunzitsi m'mafoni. Si munthu ayi, ndi makina oyankhula. Amaona pomwe munthu ukulephera n'kumakupatsa maphunziro ndi mayeso akoako: wina Chingerezi, wina za injini, wina kupulumutsa womira. Poyamba ndinakondwa, poti sukulu ndinalekeza Sitandade 5 ndipo pagulu ndimachita manyazi kufunsa.

Inu munkati safunsa anadya phula, ndiye ndinkafunsa. Za kusakaniza oyilo ndi petulo ndinafunsa kangapo. Si kuti sindidziwa, manja angawa amadziwa, koma manambala akewo amandizunguza mutu. Ndisaname, zina anandiphunzitsadi bwino. Osadziwa kuti funso lililonse likukafika patebulo pa abwana. Ndinkaulula umbuli wanga kwa kazitape, amayi, ine n'kumati ndapeza mphunzitsi.

Yusufu, mnzanga woyendetsa boti linalo, sanafunsepo kanthu. Mayeso amamuyankhira mkazi wake, yemwe ndi kalaliki. Lero makinawo akuti Yusufu ndi katswiri, ine ndibwerere kuphunziro loyamba, la kamangidwe ka chingwe. Ine amene ndinayamba kupalasa bwato ndisanapite ku jando. Ngati kuti mwera ukamawomba umayamba wafunsa kuti mayeso wakhoza ndani.

Alendo achepa, ndiye mwezi uno ukatha pa lojipo patsala woyendetsa mmodzi. Ndinakadandaula kwa abwana. Sanandifunse n'komwe kuti ndakhala zaka zingati panyanja, anangonditembenuzira kompyuta ndione mzere wofiira pa dzina langa. Wa Yusufu ndi wobiriwira.

Dzulo ndinapita ku Malindi kwa a Saidi, achimwene ake a Asiyatu, aja amaphunzitsa kusukulu. Foni ndawasiyira, aziyankha iwo mpaka mzerewo usinthe. Pobwerera m'kamwa munali kuwawa ngati ndatafuna ndulu ya chambo. Ndikudziwa mmene munkanyansidwira ndi munthu wobera pa sikelo, munkachita kulavula mukamudutsa. Lero wobera ndine. Koma Patuma akuyamwa, ndipo woyamwitsa amafunika kudya.

Mundikhululukire. Injini ndipitiriza kuiphunzira ndi manja, ndipo mlendo sadzamira m'boti langa, Mulungu akalola. Kamtsikanaka ndidzakatumiza kusukulu ngakhale ndigulitse njinga, kuti kadzathe kudziyankhira kokha.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Idilisa