Takisi ya Alamu Yozima ku Limuru

Kawangware, Nairobi
Mwezi wa Julaye

Achemwali a Naliaka,

Eti mwawauza amayi kuti ine kuno ntchito yanga n'kutsuka matayala basi? Uthengawo wandipeza. Ine Sifuna, munthu woti galimoto ikangodutsa pamsewu ndimadziwa ndi khutu lokha kuti ikudwala pati? Funsani aliyense woyendetsa takisi ya gasi kuno ku Kawangware, akulozerani pamene ndimakhala. Ena amachita kundigulira tiyi ndisanagwire n'komwe sipanala.

Koma ndayamba ndi mwano. Muli bwanji kumeneko ku Chwele? Mwendo wa amayi uja ukupezako bwanji? Ine ndilipo, kungoti ndatopa, achemwali, ndatopa zenizeni. Kuno kukuzizira, dzuwa tinaliiwala nkhope, ndipo manja anga ang'ambika ndi madzi ozizira. Ndalemba kalata chifukwa pafoni mumandidula mawu. Ndiipatsira kondakitala wa basi ya lero.

Nkhani ya amuna anu, alamu a Situma, mwina mwangoimva theka. Paja amayendetsa takisi ya mayi Nyokabi, ija anaiika thanki ya gasi kumbuyo kuti isamadye petulo. M'mawa uliwonse amakatenga anamwino ku Limuru n'kukawatula kuntchito mutauni, ndipo ulendo umenewo ndi umene umakudyetsani inu ndi ana. Ndiye chiyambire kuzizira kuno, galimotoyo inayamba kuzima yokha. Pa petulo imalira bwinobwino. Ikasinthira ku gasi imayenda pang'ono, kenako potsetsereka paja akangoponda buleki, zii. Anamwino kutsika ndi mayunifomu awo oyera, kumakankha m'matope. Mmodzi anawafunsa alamu kuti jakisoni abaye ndani, galimotoyo kapena dalaivala.

Chopweteka n'choti masana ikafika kugalaja kwathu imakhala ngati mwana wa kwaya. Kuiliza, kuisinthira ku gasi, kuzungulira nayo mpaka ku Dagoretti, osatsokomola ngakhale kamodzi. Abwana anga a Onditi, eni galaja, anangoti mlamuyo ndi wako, thana nazo wekha.

Ndinayamba ndi mapulagi, chifukwa gasi amafuna moto wamphamvu kuposa petulo. Ndinasintha onse. Kutacha, yazima. Ndinasintha sefa ya gasi, inalidi yakuda bii. Yazimabe. Ndinapaka madzi a sopo m'mapaipi onse kufuna poboola, thovu silinatuluke paliponse. Ndinatsuka pakhosi pa injini polowera mpweya mpaka kunyezimira. Yazimanso. Alamu anayamba kunditcha dokotala wa maliro, ine n'kumawayankha kuti matenda a galimotoyi ali pakati pa chiwongolero ndi mpando.

Nthabwala imeneyo ndinaibwereza pamaso pa mayi Nyokabi tsiku limene anabwera kugalaja atafufuma ndi mkwiyo. Ndinawauza kuti galimoto yawo ilibe vuto, koma madalaivala a gasi onse khalidwe lawo ndi limodzi, amaumira petulo ngati magazi awo, amathamangira kudina batani la gasi injini isanatenthe. Anyamata apagalaja anaseka mpaka kugwira m'mimba. Mayiwo sanaseke. Anawauza alamu kuti ikadzazimanso abweze makiyi. Inazima, ndipo makiyi analandidwa.

Panopa alamu angokhala m'nyumba. Chikwama amanga kale, akuti Loweruka akwera basi ya ku Bungoma kubwerera kumudzi, akalima chimanga kusiyana n'kumasekedwa ndi mwana wosamaliza sukulu. Chipinda timagona chimodzi koma sakundilankhula. Ndikawaikira tiyi amangomuyang'ana mpaka azizire.

Zimenezi zinandisowetsa mtendere. Ndinapita kwa mayi Nyokabi kukapempha kuti andibwereke galimotoyo m'mawa umodzi, ndiyende nayo ulendo womwewo. Ku Limuru kunali nkhungu yoti dzanja lako osaliona. Ndinadikira injini ilire pa petulo, batani osaligwira, mpaka inasinthira yokha ku gasi. Ndinayamba kutsetsereka ndikuimba mluzu. Pafupi ndi minda ya tiyi ya kumeneko, zii. Yandizimira ine, Sifuna.

Nditatsegula boneti ndinaona zimene masana sizioneka. Pali kachitsulo kena timati redyusa, kamene kamalandira gasi ali wamadzimadzi n'kumusandutsa mpweya woti injini ipsereze. Ntchito imeneyo kamagwira ndi madzi otentha ochokera mu injini. Ndiye kanali katayera mbee ndi chisanu, ngati botolo lotuluka mufiriji. Ndinagwira paipi ya madzi, yofunda pang'ono chabe ngati mkaka wa mwana. Mu redieta madzi anali odzaza. Ndiye kuti injini sinkatentha mokwanira, ndipo mphepo ya potsetsereka inkaiziziritsanso. Gasi amaundana, injini n'kutsamwa.

Chimene chimasunga kutentha mu injini ndi kachitseko kakang'ono kotchedwa themositati, kamene kamatsekera madzi kuti asapite ku redieta mpaka atenthe. Nditafika kugalaja ndinamasula pamalo pake. Munalibe kanthu. Kuno amakaniko tonse tili ndi chizolowezi chokachotsa, timati n'kamayiko ozizira, kwathu kuno kamangotenthetsa injini. Pa galimoto ya petulo umapulumuka nazo. Pa ya gasi, ku Limuru, mwezi wa Julaye, ndi zimenezi.

Ndinaika katsopano, ndipo chiyambire tsikulo sinazimenso. Ndaiyesa m'mawa kangapo mumsewu womwewo. Mayi Nyokabi asangalala, akunditama kulikonse, koma mumtima mwawo akadali ndi mawu anga aja oti alamu ndi dalaivala woononga galimoto. Ndamva kuti akufunsafunsa munthu wina woti amupatse makiyi sabata yamawa. Atandifunsa kuti anachotsa kachitsekoko ndani, ndinati mwina chitsiru china cha m'mbali mwa msewu.

Pempho langa ndi limodzi, achemwali. Kalatayi ikangokupezani, muwaimbire alamu muwauze kuti Loweruka asakwere basi. Inu amakumverani, ine ngakhale nditagwada sanditembenukira. Akachoka mutauni muno makiyi aja apita ndithu, ndipo anamwino aja apeza takisi ina. Muwauze apirire masiku ochepa okha.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze asamapite kumunda ndi mwendo umenewo. Moni kwa amalume, kwa azakhali aku Kimilili, ndi kwa ana anu onse. Mwana wanu Khisa mumuuze kuti ine amalume ake ndati asayerekeze kusiya sukulu, mafuta a injini sachoka m'zikhadabo.

Tsono chitsiru cha m'mbali mwa msewu chija ndine. Kachitseko kaja ndinakachotsa ndekha mwezi wa Febuluwale, kukutentha, alamu atabwera kudzasinthitsa madzi a mu redieta. Sanandipemphe. Anafunsanso ngati sizidzavuta, ine n'kuwauza kuti iwo adziwe za chiwongolero, za injini asiyire eni ake. Ndinakaponya m'ngalande n'kuiwalako, moti posintha mapulagi ndi sefa muja sizinandibwerere m'mutu ngakhale pang'ono. Batani lija alamu sankalidina msanga, ndinangowanamizira kuti anthu aseke.

Mawa ndikupita kwa mayi Nyokabi kukawauza zonsezi, abwana a Onditi amve kapena asamve. Koma alamu musawauze pafoni. Ndiwauza ndekha, ndikangopeza poyambira.

Ndine mlongo wanu wotopa,
Sifuna