Magazi Aja Ndi Athunso

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli moyo. Msana uja unasiya, kapena mukunyamulabe matumba a simenti ngati mnyamata? Nanga amayi ali bwanji ndi miyendo yawo? Ife kuno tilipo. Muphwa wanu wamera mano awiri ndipo akuluma aliyense womunyamula. Bambo ake akuti watengera ine.

Ntchito ndi yomwe ija yochapa ndi kusita nsalu za m'chipatala. Makina amodzi anafa, ndiye mabulangete tikupinda pamanja, pofika madzulo mapewa ali ngati andimenya. Komwe tikukhala chikepe chinawonongeka mwezi watha, tikukwera masitepe mpaka nyumba yachinayi m'mwamba, mwana kumsana, zogula m'manja. Koma sindinakhale pansi kuti ndilembe za masitepe. Ndikuzungulira chifukwa nkhani imene ndili nayo ikundichititsa manyazi.

Mwanayu atabadwa, namwino anamubaya kachidendene n'kudontheza magazi pakapepala. Kuno amatero ndi khanda lililonse, pofufuza matenda akumtundu asanayambe kuonekera. Ine ndinangolusa kuti akundilizira mwana pachabe. Patapita milungu itatu anatiitana. Anati mwana sakudwala, koma wanyamula mbali imodzi ya matenda a magazi otchedwa sikoselo. Mukundidziwa, nthawi yomweyo ndinawayang'ana bambo ake ndi diso loipa. Anatiyeza tonse awiri. Iwo alibe. Amene ndili nawo ndine.

Anatitumiza kwa mayi wina wa magalasi, mlangizi wa matenda otengera kwa makolo. Anati ofufuza anapeza kale kachinthu kenikeni m'chibadwa cha munthu kamene kamayambitsa matendawa. Mwana amalandira mbali imodzi kwa bambo, ina kwa mayi. Wolandira kumodzi amakhala bwinobwino, amagwira ntchito, amabereka, amakalamba osadziwa kanthu. Amene amadwala ndi uyo walandira konsekonse. Ndinamufunsa kawiri ngati mayi yekha angadwalitse mwana, kawiri konse anati ayi.

Kenako anatenga pepala kuti ajambule banja lathu, amuna timabokosi, akazi timipira. Anafunsa kuti tinabadwa angati. Ndinayankha monyada kuti asanu ndi mmodzi, tonse amphamvu. Iye anati sakufunsa amoyo, akufunsa kuti amayi anachira kangati. Amayi anabereka asanu ndi anayi, achimwene. Atatu aja amene anapita asanayambe sukulu sitiwawerenga, ngakhale mayina awo sititchula. Mayi uja anawajambula nawonso, n'kuwadula ndi kamzere. Inu ndinu wamkulu, muyenera kukumbukira uja wobadwa pakati pa inu ndi ine. Munandiuzapo kuti anali ndi maso achikasu ndipo manja ake ankatupa ngati mabanzi.

Atafika pa dzina lanu anafunsa za ana anu. Ndinamuuza za anyamata anu awiri amene anatisiya aja, mmene ankatupira zala, mmene ankalirira osagwirika, magazi ongotha m'thupi. Anati sangagamule popanda kuyeza, koma zimene ndafotokoza zikufanana kwambiri. Ndipo ngati ndi zomwezo, anati, ndiye kuti zinachokera kwa mayi ndi kwa bambo omwe.

Mukudziwa zimene ndinachita, koma ndizilemba kuti nane ndizione. Tsiku lomwe tinaika mwana wanu wachiwiri, ndinaima pakhomo la khitchini anthu onse akumva, n'kunena kuti kwathu kulibe matenda oterowo, alamu ndiwo abwera ndi magazi oipa, taonani mchimwene wawo wodwaladwala uja. Ndinawerenga pazala kuti ife asanu ndi mmodzi palibe anagonekedwapo m'chipatala. Alamu sananditukwane. Anangondifunsa ngati ndamaliza, chifukwa ankafuna kudutsa ndi ndowa ya madzi. Munthu woti mwana wake wangolowa m'manda m'mawa womwewo.

Inu munkakana. Munkati mkazi wanu sanalakwe kanthu. Ndine ndinakuumirirani chaka chonse, pafoni ndi pamaso, amayi ali kumbuyo kwanga, mpaka alamu anamanga katundu n'kubwerera kwa makolo awo, mwana wanu wachitatu Timba ali wa miyezi itatu kumsana. Tsiku limenelo ndinamva ngati ndapulumutsa banja lathu.

Cholakwa changa chachiwiri n'chakuti zonsezi ndazidziwa kwa miyezi isanu. Pepala la zotsatira lakhala m'chikwama changa, likupita kuntchito n'kubwera nane. Bambo a mwana wanga amandifunsa Lamlungu lililonse ngati ndalemba, ine n'kumati ndatopa, ndilemba mawa. Sabata yatha anandifunsa kuti munthu wolankhula kuposa wailesi ngati ine, pakamwa panaumira pati. Ndinkaopa kuti mudzandida, ndipo ndinaika manyazi anga patsogolo pa moyo wa mwana wanu.

Chandidzutsa ndi chithunzi. Msuweni wathu wosoka zovala uja wanditumizira, akuti alamu anabwera kudzasoketsa kadiresi ka Timba, ndipo mwana analira pomuyesa chifukwa dzanja linkapweteka polowa. Pachithunzipo akumwetulira, kamwana kochepa thupi monga dzina lake, koma ine ndinangoona zala. N'zotupa, achimwene, ngati za abale ake aja.

Ndinathamanga nacho kwa mlangizi uja. Anati chithunzi si dokotala, mwana ayezedwe msanga. Anati ana oterewa akadziwika akadali aang'ono, ambiri amakula, amaphunzira, amakhala ndi mabanja awo. Pali mankhwala omwa tsiku lililonse oteteza ku matenda ena, pali katemera, amafunika madzi akumwa ambiri ndi kutetezedwa ku malungo, ndipo thupi likangotentha ndi kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuti tione mawa. Anati chimene chinatha ana ambiri n'chakuti palibe ankadziwa chimene akulimbana nacho. Kenako anandifunsa ngati abale anga ndinawauza kale. Nditanena kuti ayi, anatenga cholembera. Anangolemba dzina la kuyezako pakapepala n'kundipatsa. Ndakaika m'kalata muno.

Alamu ndinayesa kuwaimbira. Atangomva mawu anga anadula, ndipo sindikuwaimba mlandu.

Pempho langa ndi limodzi. Loweruka lino musapite kuntchito. Pitani komwe kuli alamu, mutenge kalatayi ndi kapepalako, mukatenge Timba mupite naye kuchipatala chachikulu, chifukwa zing'onozing'ono mwina alibe zoyezera. Mukayezetsenso inu. Musatume munthu, ndipo musapite ndi amayi. Ngati kuyamba kulankhula kukukuvutani, apatseni kalatayi awerenge okha, aone kuti ndalemba ndi dzanja langa kuti ndinawanamizira. Magazi amene ndinawatcha oipa ndili nawo ine, ndipo n'kutheka kuti muli nawo inunso.

Ndikudziwa kuti madzi akatayika saoleka. Anyamata aja sangabwerere, ndipo banja lanu sindikuuzani kuti mulichite bwanji, ndinalilowerera kokwanira. Alamu akakutsekerani chitseko, akhala sakulakwa. Koma musabwerere. Khalani panja pomwepo, ngakhale abale awo akunyozeni, mpaka amve kuti pali mankhwala. Sitikupempha kuti atikhululukire kaye, ayi. Mwana ayezedwe, za ife zibwere pambuyo.

Amayi musawabisire, koma muwauze mofatsa, atakhala pansi. Nawonso anaika ana atatu, ndipo zaka zonsezi palibe anawauzapo chifukwa chake. Muwauze kuti sanalakwe iwo, sanalakwe malemu bambo, monganso sanalakwe alamu. Achemwali athu awiri amene ali ndi ana aang'ono ndiwalembera ndekha sabata ino, chifukwa nawonso ayenera kudziwa.

Mupereke moni kwa amayi, kwa amalume ndi akazi awo, kwa achemwali onse ndi ana. Msuweni mumuthokoze, mwina sakudziwa chimene anachita. Bambo a mwana akupereka moni, akuti mukabwera kuchipatala muimbe, ngakhale tili kuntchito tiyankha. Kwa alamu sindikutumiza moni, sindinafike pamenepo. Ndikutumiza kupepesa kokha, achite nako mmene angafunire.

Tsalani bwino, achimwene. Loweruka lisadutse.

Ndine mlongo wanu wamng'ono,
azakhali ake a Timba, ngati mayi ake angalole kuti ndizitchedwabe choncho.