Mawu Makumi Asanu a Margarita

Lamulungu, 2 Junho 2024. Mandimba.
Tinalipo ine ndi mayi a kunyumba, a Judite. Mwana wathu Olívia wayimba pa vidiyo kuchokera ku Espanya, kumene anakwatiwa. Mdzukulu wanga Margarita, zaka zinayi, wabisalanso kuseri kwa mpando. Aka n'kachisanu kubisala. Chinyanja samva, nkhope yanga saidziwa. Ndalonjeza mawu 50 a Chisipanishi pofika pa 23, tsiku lake lobadwa. Mwina angatuluke.

Lachinayi, 6 Junho. Cuamba.
Ulendo wa pa chapa, minibasi ya kuno, fumbi. Pamsika buku la Chisipanishi limodzi lokha, lolembera Angerezi. Chingerezi changa cha Sitandade 6 ku Malawi, nthawi ya nkhondo, chadzuka motsimphina. Masamba 14 kufotokoza aneni awiri, ser ndi estar, zomwe wogulitsa tomato aliyense kuno amazidziwa m'Chipwitikizi. Ndawamvera chisoni Angerezi. Mawu 9.

Lachitatu, 12 Junho.
Bukulo likuti Angerezi amadabwa kuti m'Chisipanishi tebulo ndi lalikazi. Ine chondivuta ndi lilime, limathawira ku Chipwitikizi. A Judite: "Mwana safuna mayeso, akufuna agogo ake." Mawu 31.

Lamulungu, 16 Junho.
Ndalakwa. Pa vidiyo ndinamupatsa moni Margarita monga agogo amachitira ndi mdzukulu wamkazi, koma m'Chisipanishi: mkazi wanga, wandiphikira chiyani? Mkamwini nkhope inasintha. Ananyamula mwana, telefoni inaduka. Olívia walemba kuti kwawoko mwana satchulidwa choncho, ngakhale mocheza. Agogo anga ankatero kwa mlongo wanga, tonse n'kumaseka. Manyazi.

Lachisanu, 21 Junho.
Ku Espanya sanayimbenso. Buku lili pansi pa wailesi, sindinalitsegule.

Lamulungu, 23 Junho.
Telefoni, 10 koloko m'mawa. Woyamba mkamwini, mutu wowerama, "Muli bwanji, bambo," mopotoka koma zomveka. Olívia akuti wakhala akumufotokozera za nthabwala yathuyi sabata yonse. Kenako mwana. Kutsogolo kwa mpando, atakulungidwa m'kapulana, chitenje cha amake, manja m'chiuno. "Amuna anga, mtedza wanga uli kuti?" M'Chinyanja. Chisipanishi changa chonse chinabalalika. Ndinangoti ulipo, mayi, ulipo. A Judite akuti mitala imeneyi aivomera, bola wamng'onoyo azitunga yekha madzi.
Buku ndalitsegulanso.
Ndinalonjeza mawu 50. Ndadziwa 31. Otsala 19, ndi thumba limodzi la mtedza.